Mabogi onyamula magalimoto ataima: lipoti la ntchito yosunga mabogi pa njanji yaifupi, 2008 mpaka 2010

Kumapeto kwa 2008 ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ya njanji m'chigawo cha Midwest ku America. Ine ndinali wa mabuku a mabogi. Bogi ikalowa m'dera lathu ndinkayenera kudziwa mwini wake, njanji imene yaikidwa, tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndi amene timulipiritse. Timakampani totere kumeneko tilipo mazana angapo. Timayendetsa timizere tatifupi timene makampani akuluakulu anatitaya, timalandira mabogi kwa akuluakuluwo pamalo opatsirana n'kukawatula kwa makasitomala: nkhokwe ya chimanga, wogulitsa feteleza, fakitale ya mapulasitiki. Ife tinalinso ndi mzere wina wongogona, wopita ku fakitale imene inatsekedwa kalekale, wothera pa mulu wa dothi. Khomo lake linali limodzi, polowera pomwepo ndiye potulukira. Lipotili ndi la mzere umenewo ndi mabogi amene tinaunjikamo. Kampani yathu ndi eni mabogi sindiwatchula, ndipo cholakwa chachikulu chinali changa ndi anzanga.

Momwe katundu anasowera

Kwathu galimoto imatsika pa doko la Dar es Salaam n'kuyendetsedwa pamsewu mpaka kulowa pa Songwe. Ku America magalimoto atsopano pafupifupi 7 mwa 10 alionse amayamba akwera sitima asanafike kwa wogulitsa. Bogi yake amaitcha autorack. Ndi chikhola chachitali cha zitsulo, chotchingidwa ndi malata oboolaboola, chomangidwa pa bogi yafulati ya mafiti 89. Kuyeza ndi zolumikizira zomwe imatsala pang'ono kukwana mamita 29, ndipo msinkhu wake umayandikira mamita 6. Ilipo ya nsanjika ziwiri, yonyamula mapikapu ndi ma SUV (magalimoto aakulu okwera m'mwamba) 8 kapena 10. Ilipo ya nsanjika zitatu, imene imalowa masaluni aafupi okha, mpaka 15. Kusiyana kumeneku ndiko mutu wa nkhani yonseyi, chifukwa pikapu singalowe m'bogi ya nsanjika zitatu, ndipo kukweza masaluni m'bogi ya nsanjika ziwiri n'kulipira sitima kuti inyamule mpweya. Umwini wake nawonso ndi wachilendo. Kawirikawiri chifulati cha pansi ndi cha TTX, kampani imene makampani akuluakulu a njanji anagwirizana kukhala eni ake, pomwe chikhola cha pamwamba ndi cha kampani imodzi ya njanji. Mabogi onse amaponyedwa m'khola limodzi n'kumatumizidwa kulikonse kumene kuli magalimoto oti anyamulidwe.

Bogi yotere ilibe ntchito ina. Ya malasha mutha kuikamo miyala, yotseka mutha kuikamo mapepala lero, zitini mawa. Autorack ikasowa magalimoto ndiye kuti yasowa zonse.

Vuto linabwera pawiri. Pakati pa 2008 mafuta anadutsa madola 4 pa galoni, anthu n'kutembenukira msana mapikapu ndi ma SUV. Oyamba kuima anali mabogi a nsanjika ziwiri. Kenako banki ya Lehman Brothers inagwa pa 15 Sepitembala, ngongole zogulira galimoto zinauma, ndipo msika wonse unagwera pamodzi. Pa 23 Disembala 2008 kampani yopanga magalimoto ya General Motors inatseka fakitale ya ku Moraine, Ohio, n'kusiyanso kupanga ma SUV ku Janesville, Wisconsin. Mu 2007 ku America kunagulitsidwa magalimoto oposa pang'ono 16 miliyoni, mu 2008 anatsikira ku 13.2 miliyoni, mu 2009 ku 10.4 miliyoni. Opangidwa m'dzikomo anagwa koposa, kuchoka pa 10.8 miliyoni mu 2007 kufika pa 5.7 miliyoni mu 2009, chifukwa mafakitale anadikira kaye kuti odzaza m'mabwalo a ogulitsa athe. Ife a njanji timadya pa zopangidwa, osati pa zogulitsidwa, ndiye nkhonyayo inatipeza yonse. Kampani ina yopanga magalimoto, Chrysler, inakadzipereka ku khoti kuti yalephera kubweza ngongole pa 30 Epulo 2009 ndipo inaimitsa mafakitale ake, General Motors inatsatira pa 1 Juni. Kampani yaikulu ya njanji ya Union Pacific, imene imanyamula magalimoto ambiri kumadzulo kwa dzikolo, inapeza madola pafupifupi 1.3 biliyoni pa katundu ameneyu mu 2008, koma mu 2009 anangokwana pafupifupi 850 miliyoni.

Bungwe la makampani a njanji, Association of American Railroads, linkawerenga bogi kuti yasungidwa ikatha masiku 60 osayenda ndi katundu. Pofika Julayi 2009 mabogi otere a mitundu yonse anadutsa 500,000, pafupifupi bogi imodzi mwa atatu alionse ku North America. Mukapatsa bogi iliyonse mamita 18, mzere wake ndi makilomita 9,000, ulendo wochoka ku New York kukafika ku Los Angeles n'kubwerako. Mayadi a makampani akuluakulu sanamangidwe kuti mabogi azigonamo, anamangidwa kuti mabogi azidutsa. Yadi ikadzaza, sitima zamoyo zimasowa posanjira. N'chifukwa chake anayamba kusakasaka njanji iliyonse yogona. Imodzi mwa makampaniwo, BNSF, inandandalika mabogi m'mphepete mwa mtsinje wa Missouri pakati pa Helena ndi Great Falls ku Montana, malo amene anthu amapitako kukawedza ndi kukaona mapiri. Ena anaimba lamya kwa timakampani ngati ife.

Mgwirizano umene tinasaina

Kwa ife zinaoneka ngati kutola nkhwangwa ndi mpini womwe. Katundu wathu wa masiku onse anali atachepa, bwana anali atayamba kale kuwerenga mayina a oti akapume kunyumba, ndiye pakubwera munthu wofuna kulipira lendi pa njanji imene inkangomera udzu. Mgwirizano unali wa tsamba limodzi ndi theka. Bogi iliyonse ilipire madola ochepa patsiku, ndalama ina polowa, ina potuluka. Eni ake akafuna mabogi atiuziretu masiku angapo. Zowonongeka chifukwa cha akuba ndi ana osewera zinali za mwini bogi, zowonongeka chifukwa cha njanji yathu kapena antchito athu zinali zathu.

Mawu amene munalibe ndi awa: akafuna mabogi, adzafuna ati? Ife tinkaganiza kuti adzati tipatseni 30, ife n'kukoka 30 a pakhomo. Palibe anafunsa, ndipo ine ndinawerenga pepalalo kawiri.

Pa kilomita imodzi pamalowa ma autorack 35. Tinayamba kuwakankhira mkati monga ankafikira. Oyamba anali a nsanjika ziwiri okhaokha, ndipo anakathera ku mulu wa dothi kuja. Kuyambira Disembala ankabwera osakanikirana, awiri a nsanjika zitatu, mmodzi wa ziwiri, asanu a zitatu, monga momwe yadi yaikulu yawasanzira. Kuwasankha pakhomo kukanatidyera ola limodzi kapena awiri pa ulendo uliwonse, ndipo kunali chipale chofewa, mphepo yolasa mafupa, anyamata akufuna kubwerera. Tinati adzasankhidwa tsiku lotuluka. Chakumayambiriro kwa 2009 kunabweranso kasitomala wina, kampani yobwereketsa mabogi, ndi mabogi onyamula matabwa omangira nyumba, aja okhala ndi khoma lachitsulo pakati. Nawo anali atasowa ntchito, pakuti nyumba zoyambidwa kumangidwa zinatsika kuchoka pa 2 miliyoni mu 2005 kufika pa 550,000 mu 2009. Awa ankalipira bwinoko. Tinawaika pakhomo penipeni, kutseka ma autorack onse, ngati munthu wosanja thumba la chimanga pamwamba pa mbewu yoti adzale.

Chimodzi chokha chimene tinachita bwino kuyambira pachiyambi ndi mabuleki. Bogi ikadulidwa ku injini, mpweya wa mabuleki umatha pang'onopang'ono, ndiye chogwira bogi yosungidwa ndi buleki ya pamanja basi, chigudumu chija chokoka tcheni. Mzere wathu unali wotsetsereka pang'ono kulowera ku tauni, kutsetsereka kosaoneka ndi maso koma kokwanira kuyendetsa chitsulo. Kondakitala wathu wamkulu, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, sankakhulupirira chiwerengero cha m'buku. Akamanga mabuleki a pamanja ankauza woyendetsa injini kuti amasule mabuleki onse a mpweya, akankhe pang'ono, akokenso pang'ono. Gulu la mabogi likagwedezeka, ankabwerera kukamanga ena. Kumunsi tinamanga derail, chitsulo chimene chimagwetsa dala bogi yothawa isanafike pa njanji yaikulu, n'kuchikhoma ndi loko. Nthawi imeneyo anyamata ankati mdalayo akuchedwetsa ntchito. Sitima ya mafuta itathawa usiku ku Lac-Mégantic ku Quebec, m'dziko la Canada, pa 6 Julayi 2013 n'kupha anthu 47, mwa zina chifukwa cha mabuleki a pamanja osakwanira, palibe anabwerezanso mawu amenewo.

Anthu okhala m'mbali mwa njanji

M'tauni ya New Castle, Indiana, ma autorack anaimikidwa pakati pa nyumba za anthu kwa miyezi yambiri, ndipo madandaulo awo anafika m'nyuzipepala za dziko lonse mu 2009. Zathu sizinafike patali choncho, koma zinali zomwezo. Mzere wathu unkadutsa kuseri kwa nyumba zingapo. Anthu anagula nyumbazo njanji ili chete, ena anali atadzala maluwa mpaka pa miyala ya njanji. Tsiku lina anadzuka n'kupeza khoma lachitsulo lotalika ngati nyumba yosanja, lopakidwapakidwa penti ndi anyamata a m'mizinda ina, mawu ena osati n'kuwerenga pamaso pa ana.

Mayi wina anabwera yekha ku ofesi. Sanakalipe. Anangoti dzuwa la m'mawa silikulowanso kukhitchini kwawo, ndipo madzi oundana pa masitepe a kuseri sakusungunuka, agwapo kale kamodzi. Bwana anawayankha za malamulo, ndipo pa malamulo ankanena zoona. Kuchokera pa lamulo la 1995 limene linakhazikitsa Surface Transportation Board, bungwe la boma loyang'anira makampani a njanji, zochitika pa njanji zili m'manja mwa boma lalikulu, khonsolo ya tauni ilibe mphamvu youza kampani pomwe iimike mabogi ake. Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto, anathokoza, n'kutuluka. Ine zinandikhala pamtima. Sabata yotsatira, pokaika gulu lina, tinadula mzerewo n'kusiya mpata wa mabogi atatu kuseri kwa nyumba zija. Tinataya lendi ya mabogi atatu, ndalama yosakwana kugula chakudya chamasana cha anyamata. Tikanaganiza zimenezi poyamba, sitikanadana ndi msewu wonse.

Za pamphambano za msewu zinali zoopsa kuposa za dzuwa. Poyamba tinasiya mpata wongokwana malamulo athu, koma malamulowo analembedwa poganizira mabogi wamba. Autorack ndi chipupa. Woyendetsa basi ya sukulu anatiuza kuti amaima, amatsegula chitseko monga mwa lamulo, koma saona kalikonse kumanzere kapena kumanja mpaka mphuno ya basi itakwera njanji. N'zoona kuti pa mzerewo sipankadutsa sitima kupatula yathu, koma mwana wozolowera kuwoloka osaona amakawoloka chimodzimodzi pa njanji yamoyo. Tinabweza mabogi kutali mbali zonse ziwiri.

Tsiku loitanitsa litafika

Mu Julayi 2009 boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Car Allowance Rebate System, imene aliyense ankaitcha Cash for Clunkers. Munthu akapereka chigalimoto chakale chomwa mafuta ankachotseredwa madola 3,500 kapena 4,500 pa galimoto yatsopano yosamwa kwambiri. Ndalama zokwana madola 3 biliyoni zinatha pofika pa 24 Ogasiti, magalimoto pafupifupi 700,000 atagulidwa. Ogulidwa kwambiri anali Toyota Corolla, Honda Civic, Toyota Camry ndi Ford Focus. Onsewa ndi masaluni. Mabwalo a ogulitsa anayera, mafakitale anawonjezera ntchito, ndipo lamya yathu inalira. Ankafuna mabogi a nsanjika zitatu okhaokha, ena mwa iwo powatchula manambala, ndipo ankawafuna msanga.

Ndinatsegula buku langa n'kugwira njakata. Bukulo linkandiuza bwinobwino kuti bogi yakuti ili pa mzere wakale ndipo yakhala masiku angati. Silinkandiuza kuti yaima pati, kutsogolo kwake kuli chiyani, kumbuyo kwake kuli chiyani. Linali buku lolipiritsira, osati lopezera bogi. Ndinavala nsapato za ntchito n'kuyenda mzere wonse wapansi ndi pepala, kulemba nambala iliyonse motsatana, ntchito imene ndikanaigwira pang'onopang'ono pa tsiku lolowa.

Zimene ndinaona pa ulendowo ndizo zinandiphunzitsa kuti bogi yoima siipuma ayi, imadwala. Udzu unali utafika m'chiuno, ndipo mitengo ing'onoing'ono inali itamera pakati pa magudumu n'kulowetsa nthambi m'mabowo a malata. Magudumu amene amanyezimira ngati siliva bogi ikamayenda anali ofiira ndi dzimbiri, njanji pansi pake chimodzimodzi. Pa bogi ina mavu anamanga chisa kuseri kwa chigudumu cha buleki, pomwe munthu amagwira ndi dzanja. Zitseko za kumapeto za mabogi angapo zinali zotsegula. Ndinakwera m'modzi. Mkati munali mdima wamawangamawanga, kuwala kukulowa m'timabowo, kutentha ngati mu uvuni, pansi pali zitini za mowa, matiresi akale ndi phulusa la moto. Zotsekera magudumu a galimoto, zimene zimayenera kupachikidwa m'mbali mwa khoma, ana anali ataziponya panja m'tchire. Pa nsanjika ya pamwamba zitosi za nkhunda zinaundana ngati phala louma.

Kwa bogi ya malasha zonsezi si kanthu. Kwa autorack ndi mlandu, chifukwa katundu wake ndi penti yatsopano. Kadzimbiri kogwa kuchokera pa nsanjika ya pamwamba kapena chitosi chimodzi pa denga la Corolla, wogulitsa amakana galimotoyo kapena amalipiritsa. Choncho bogi ikachoka kosungidwa siipita molunjika ku fakitale, imayamba yadzera kokatsukidwa ndi kukonzedwa, ndipo masiku amenewo eni ake sanawawerengere pamene ankalonjeza mafakitale.

Kukumba kwenikweni kwa mabogi okwiriridwawo kunayenda chonchi. Njanji ya mzerewo inali ya gulu lotsikitsitsa, liwiro lake mamailosi 10 pa ola, ndiwo makilomita 16, ndipo ife tinkayenda mochepera apo. Choyamba tikoke mabogi a matabwa aja. Kowaika kunalibe, kanjanji kathu kopatukira kanali kakafupi, ndiye otsala tinawaimika pa njanji yaikulu, kutseka njira ya ku nkhokwe ya chimanga, kasitomala amene amatidyetsa chaka chonse. Kenako tilowe, tilumikize gulu la ma autorack, tiyende wapansi kumasula buleki iliyonse ya pamanja, tilumikize mapaipi a mpweya. Apa ndi pamene nthawi inathera. Timphira ta pa milomo ya mapaipi tinali titauma n'kung'aluka, mpweya unkangofwenthera paliponse, ndipo kondakitala ankayenda ndi thumba la timphira tatsopano, kutchera khutu, kusintha kamodzikamodzi. Mabuleki ena anakana kumasuka. Bogi yokokedwa gudumu litagwira imapala gudumulo n'kukhala ndi malo afulati, ndipo imeneyo ndi ngongole yathu, ndiye aliyense ankayang'ana ngati magudumu onse akuzungulira. Pamphambano za msewu magetsi ochenjeza sankadalirika, chifukwa amayaka magudumu akalumikiza njanji ziwirizo ngati waya, ndipo dzimbiri limatsekereza. Munthu ankatsika n'kuimitsa magalimoto ndi mbendera. Tikafika posinthira njanji, ndiye kuyamba kusankha: kutsogolo, kumbuyo, dula, sintha, kutsogolo, kumbuyo. Bogi yaitali yopanda katundu siifuna kukokedwa mwaukali pokhota, imatha kudumpha njanji, ndiye zonse zinali mwaulemu.

Lamulo la dzikolo sililola woyendetsa sitima ndi kondakitala kugwira ntchito kupitirira maola 12. Tsiku loyamba maolawo anatha tisanabweze mabogi a matabwa, ndipo anagona pa njanji yaikulu. M'mawa wa nkhokwe anaimba ali wolusa, ndipo sanalakwe. Gulu loyamba tinalipereka mochedwa ndi masiku angapo. Pamalo opatsirana, woyendera mabogi wa kampani yaikulu anakanako ena. Mwa zifukwa zake chinali chakuti nthawi yoyeza mabuleki a bogi payokha inali itadutsa ali chiimire. Lamulo limafuna kuyeza kumeneku pasanathe zaka 5, ndipo kalendala siima chifukwa bogi yaima.

Patangotha sabata ziwiri anaitanitsa ena. Tinabwereza zonse. Mgwirizano unkatilipira kutulutsa bogi imodzi kamodzi, koma kuti bogi imodziyo ituluke tinkasuntha ena asanu kapena khumi kawiri, kutuluka ndi kubwerera, ulere. Dizilo, maola owonjezera, mkwiyo wa kasitomala wa chimanga, zonse zinali zathu. Nditawerengera kumapeto kwa chaka, ntchito yosunga mabogi inatsala ndi phindu ndithu, ndipo ndi imene inachititsa kuti pasapezeke wochotsedwa ntchito, zimenezo sindingakane. Koma miyezi iwiri yokumbayo inadya gawo lalikulu la zimene ma autorack anatibweretsera chaka chonse.

Zimene tinasintha

Pa ulendo wachitatu tinaleka kubweza mabogi mwachisawawa. Tinapatula masiku awiri, tinauziratu wa nkhokwe, tinatulutsa zonse n'kuzilowetsanso mwadongosolo: a matabwa kumapeto kwenikweni, chifukwa msika wa nyumba unalibe chizindikiro chodzuka, kenako a nsanjika ziwiri, a nsanjika zitatu pakhomo. Buku langa linasanduka mapu, bogi iliyonse ndi malo ake pa mzere, mtundu wake, tsiku loyezedwa mabuleki komaliza, ndi zithunzi za mbali zonse pa tsiku lolowa, kuti za penti ndi zitseko tisamakangane ndi mwini wake. Mu mgwirizano watsopano tinalembamo kuti wotuluka ndi wa pakhomo, ndipo wofuna kusankha manambala alipire bogi iliyonse imene isunthidwe. Chodabwitsa n'chakuti eni mabogi sanatsutse n'komwe. Kwa iwo mawu amenewa anali achizolowezi, osadziwa tinali ife. Tinayambanso kuyendera mzere mwezi uliwonse, kumanga zitseko ndi waya wolimba, kupopera udzu, ndi kusuntha gulu lililonse mamita ochepa nthawi ndi nthawi kuti magudumu ndi mabeyaring'i asakhale malo amodzi.

Funso lovuta, limene mpaka lero ndilibe yankho lokhazikika, ndi lodziwa mtundu uti udzafunidwe poyamba. Mu 2009 tinaona a nsanjika zitatu akulimbiranidwa. Patapita zaka zochepa mafuta anatsika, anthu a ku America anabwerera ku mapikapu ndi ma SUV, ndipo zinthu zinatembenuka. Mu Epulo 2018 Ford inalengeza kuti isiya masaluni ake ambiri ku North America, ndipo mu Malichi 2019 General Motors inaimitsa fakitale ya ku Lordstown, Ohio, imene inkapanga Chevrolet Cruze. Mabogi a nsanjika zitatu ndiwo anayamba kudzaza njanji zogona, mafakitale akulira kusowa a nsanjika ziwiri. Opanga mabogi anayankha ndi zikhola zotha kusinthidwa nsanjika, monga Multi-Max ya kampani ya Greenbrier. N'chifukwa chake ine ndikamva chiwerengero cha mabogi osungidwa sindifulumira kunena kuti mabogi achuluka. M'chiwerengerocho muli oyembekeza katundu amene abwere mwezi wamawa, muli a mtundu umene msika wausiya, muli okalamba oyandikira zaka 50 zimene lamulo limalola, amene mwini wake akungodikira mtengo wa zitsulo zakutha ukwere kuti awadule. Pa pepala onsewa ndi amodzi. Ndiponso mabogi akaima, oda ya atsopano imaima: opanga mabogi anapereka pafupifupi 60,000 mu 2008 koma osakwana 17,000 mu 2010, ndiye katundu akabwerera mwamphamvu kusowa kumayamba mabogi ena akadali m'tchire.

Mu 2020 ndinali nditasamukira ku ntchito ina ya zonyamula katundu, koma anzanga akale ankandiimbira. Mafakitale a magalimoto anatsekedwa kumapeto kwa Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo a ku Detroit, chimake cha magalimoto a ku America, anatsegulanso pa 18 Meyi. Mu Epulo mabogi oyenda atanyamula magalimoto ndi zipangizo zake anatsika kupitirira 80 pa 100 alionse poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo pakati pa chakacho osungidwa anadutsanso 500,000. Ulendo uno kugwa kunali kwakuya koma kwakufupi, moti amene anakwirira ma autorack kuseri kwa mabogi a mchenga ndi a malasha anakumba ngati ife. Mu 2021 kunabwera mtundu wina wa vuto: timachipu ta makompyuta a m'galimoto tinasowa, mapikapu a Ford osamalizidwa anadzaza bwalo la mpikisano wa magalimoto la Kentucky Speedway, mabogi oti awanyamule akudikira kwina.

Pa mzere wathu ma autorack omaliza anachoka mu 2010. A matabwa anatsala nthawi yaitali ndithu. Atachoka nawonso, kapitawo wa njanji anayenda mzerewo koyamba popanda chotchinga, akugogoda mitanda ya pansi pa njanji ndi chitsulo. Pamene panali mthunzi wa mabogi kwa zaka ziwiri, chinyezi sichinkauma, masamba anatseka ngalande, ndipo mitanda yambiri inali itafumbwa moti misomali inkazuka ndi dzanja. Oyendera njanji sakanatha kuziona mabogi ali pamwamba. Anabwera ku ofesi ndi msomali umodzi, anauika pa tebulo langa pafupi ndi buku la lendi, n'kundifunsa kuti ndalama ya mitanda yatsopano ndinailemba pa tsamba liti. Sindinailembe paliponse. Inachoka m'phindu lija, ndipo mtengo wa lendi wa chaka chotsatira tinaukweza.